Kulera mwana amene misozi ya anzake simufika pamtima

Mwana wa mlongo wanga anabwera kudzakhala kwathu ali ndi zaka 8. Achemwali anali atatopa naye. Anandiimbira usiku wina n'kunena kuti, "Achimwene, mwini mbumba ndinu. Dzamutengeni, mwina kwanuko akamva." Ine ndimaphunzitsa Biology kusekondale, ndiye ndinkadziona ngati munthu wowadziwa ana.

Sabata yachitatu ndinamupeza kuseri kwa khola la nkhuku atagwira dzanja la mwana wanga wamkazi wazaka 4, akumupinda chala pang'onopang'ono. Mwanayo ankalira mokuwa. Kupindako sikunandidabwitse, ana amapwetekana tsiku lililonse. Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi nkhope yake. Sanakwiye, sankaseka. Ankangomuyang'ana pakamwa ngati mmene munthu amayang'anira madzi ali pamoto, kudikira kuti awire. Ndinathyola kanthambi ka mpichesi n'kumukwapula. Sanalire. Patapita masiku awiri anachitanso.

Padutsa zaka 6 chichitikireni zimenezi. Zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira kwa namwino wa zamaganizo amene anatithandiza, m'zolemba za akatswiri zimene ndakhala ndikuwerenga usiku, komanso pa zimene ndinalakwitsa ndekha. Ndikulembera kholo, agogo, azakhali kapena mphunzitsi amene ali ndi mwana wotere ndipo wayamba kumuopa.

Yambani n'kudziwa chimene mukuchionacho

Kuuma mtima kotereku akatswiri amati psychopathy. Si misala. Munthu wake saona zideruderu, samva mawu osadziwika kochokera, amadziwa bwino chabwino ndi choipa, nthawi zambiri amalankhula mokoma kuposa ife. Dokotala wa ku America Hervey Cleckley anafotokoza anthu otere m'buku lake la mu 1941, ndipo pambuyo pake Robert Hare wa ku Canada anakonza muyeso wotchedwa PCL-R, umene unatuluka mu 1991. Uli ndi mfundo 20, iliyonse imapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo ku America munthu amawerengedwa m'gululi akafika pa 30 mwa 40. Woyesayo amakhala katswiri wophunzitsidwa, amacheza ndi munthuyo maola angapo n'kuwerenganso mbiri yake yolembedwa. Choncho timafunso ta pa Facebook tonena kuti "dziwani ngati mwamuna wanu ndi psychopath" tisakutayitseni nthawi. Anthu ofika pamlingo umenewu ndi ochepa, pafupifupi mmodzi pa 100.

Muyeso umenewo ndi wa akuluakulu. Mwana sapatsidwa dzina limeneli, ndipo chonde musamupatse inuyo. Buku la madokotala a zamaganizo la ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limangotchula zizindikiro 4 zimene zimaoneka mwa ana ena ovuta khalidwe: kusamva chisoni akalakwa, kusakhudzidwa ndi kuvutika kwa ena, kusalabadira kuti akulephera kusukulu kapena pantchito ina, ndi kusaonetsa za mumtima kupatula pamene akufuna kupeza kanthu. Pafunika zizindikiro ziwiri kapena kuposa, kwa miyezi 12, ndipo zizioneka paliponse: kunyumba, kusukulu, kutchalitchi, kudambwe kumene.

Apa m'pamene ambiri timasokoneza. Mwana waukali amene amamenya mnzake atapsa mtima, kenako n'kukabisala akulira, si ameneyu. Mwana amene wafedwa mayi, kapena amene wakhala akumenyedwa ndi kugwiriridwa, amatha kuuma nkhope ngati mwala, koma mkati muli mantha osaneneka. Mwana wa autism, vuto lobadwa nalo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena, amavutika kuzindikira zimene mnzake akuganiza, koma akazindikira kuti wamupweteka zimamuwawa. Wathuyu anali wosiyana ndi onsewa. Ankadziwa bwinobwino chimene chingamulize mnzake, ndi amene angamunamize mosavuta. Kulirako ndiko sikunkamufika. Tengani kope, muzilemba tsiku, malo, chimene chachitika ndi mmene mwanayo anaonekera pambuyo pake. Kope limeneli ndi limene mudzapite nalo kuchipatala.

Zimene zimachitika mu ubongo

Mkati mwa ubongo, cha m'mbali moyang'anizana ndi makutu, muli tizigawo tiwiri totchedwa amygdala, kalikonse kukula kwake ngati njere ya mtedza. Tizigawoti timathandiza munthu kuphunzira kuti chakuti n'choopsa, komanso timadzidzimuka tikaona nkhope ya munthu wamantha kapena wovutika. Timatumiza uthenga ku gawo la ubongo limene lili kuseri kwa chipumi, chapansi pamwamba pa maso, limene limayeza zinthu munthu asanachite.

Inu ndi ine tinaphunzira kusapweteka anzathu tisanadziwe malamulo khumi. Unamutsina mng'ono wako, iye n'kulira, iwe m'mimba n'kumva kuti myuu. Kusamva bwino kumeneko ndiye mphunzitsi woyamba. James Blair, amene wafufuza nkhaniyi kuyambira m'ma 1990, amati mwa ana enawa uthenga umenewu umafika wofooka kwambiri, ndiye phunzirolo silikhazikika. Ndimawauza ana anga a Fomu 3 kuti zili ngati dzanja lochita dzanzi likakhudza mbaula: moto ulipo, maso akuuona, koma chokuuza kuti chotsa dzanja palibe.

Umboni wake ndi wakale ndithu. Mu 1957 David Lykken wa ku Minnesota ankaliza kabelu, kenako n'kumugwiritsa munthu magetsi owawa pang'ono. Anthu wamba akazolowera, kabeluko kakangolira m'manja mumayamba thukuta. Akaidi a mtima wotere thukuta lawo linkachepa kwambiri, ngakhale ankadziwa chimene chikubwera. Mu 1993 Christopher Patrick ndi anzake ankaonetsa akaidi zithunzi, zina zokongola, zina zoopsa monga za mitembo, kenako mwadzidzidzi n'kuwaphulitsira phokoso m'makutu. Munthu wamba akamaona chithunzi choopsa amaphethira mwamphamvu kwambiri phokosolo likamveka. Enawa ayi. Koma powafunsa ankayankha ngati wina aliyense kuti chithunzicho n'choipa. Pakamwa pankanena zoyenera, thupi lili zii.

Makina a MRI ojambula mkati mwa ubongo atabwera anaonetsa komwe vutoli lili. Mu 2008 Abigail Marsh, Blair ndi anzawo anajambula ubongo wa achinyamata a zaka 10 mpaka 17 akuyang'ana nkhope zosiyanasiyana. Pa nkhope zamantha, amygdala ya achinyamata ouma mtimawa inkagwira ntchito mochepa poyerekeza ndi ya anzawo. Mu 2011 kafukufuku wa akaidi 40 ku Wisconsin anapeza kuti mwa 20 amene anali ndi psychopathy, mitsempha yolumikiza amygdala ndi gawo la kuseri kwa chipumi lija inali yofooka.

Musathamangire kukafuna MRI. Zotsatira zonsezi zimaoneka poyerekeza gulu ndi gulu, ndipo palibe chithunzi cha ubongo chimene chingauze dokotala kuti mwana uyu ndi wotere. Pulofesa James Fallon wa ku University of California, Irvine, anapeza kuti chithunzi cha ubongo wake womwe chinkafanana ndi zithunzi za akupha anthu zimene ankafufuza, pomwe iye anali bambo wapabanja amene sanaphepo munthu. Palinso mayi wina wa ku America wodziwika m'mabuku ndi zilembo zakuti S.M., amene amygdala zake zonse ziwiri zinawonongeka ndi matenda osowa a Urbach-Wiethe. Njoka saiopa, nkhope yamantha amavutika kuizindikira, koma si munthu wankhanza. Ubongo umangopendeketsa njira, sulamula kumene mwana akathere.

Ikani pansi chikwapu

Ichi ndicho chinandivuta kwambiri, chifukwa ine ndinakula ndi chikwapu ndipo ndinkakhulupirira kuti chinandiwongola. Koma taganizani: chikwapu chimagwira ntchito kudzera m'mantha. Mwana amakumbukira ululu wadzulo, mtima n'kugunda, dzanja n'kubwerera. Kwa mwana amene mantha ake ndi ofooka, mukugogoda pakhomo pomwe palibe munthu. Ndiye mumawonjezera mphamvu, mawa muwonjezeranso, mpaka tsiku lina mudzamuvulaza. Chimene iye akuphunzirapo n'chimodzi: wamkulu amapweteka wamng'ono. Ine ndinamukwapula kwa miyezi 4, ndipo chimene chinasintha n'chakuti anayamba kuchitira zinthu zake kumene sindingamuone.

Mu 2005 David Hawes ndi Mark Dadds ku Australia anaphunzitsa makolo a anyamata ovuta a zaka 4 mpaka 8 njira zolerera. Anapeza kuti chilango chomukhazika mwana payekha kwa kanthawi sichinkathandiza kwenikweni anyamata ouma mtima, pomwe kuyamikira ndi kupereka mphotho kunkagwira ntchito kwa iwonso. Kale mu 1970 Frank Schmauk anali ataona kuti akaidi otere saphunzira kupewa magetsi owawa kapena kudzudzulidwa, koma chilango chikakhala kulandidwa ndalama amaphunzira ngati wina aliyense. Chimene akuchifuna amachitchera khutu.

Ife tinachita chonchi. Ndinatenga botolo loonekera mkati n'kuliika pawindo la pabalaza, pambali pake mbale ya nyemba zouma. Tinagwirizana zinthu 3 zokha, zooneka ndi maso: osagwira thupi la mnzake popanda chilolezo, osakhudza nkhuku ndi galu kupatula powapatsa chakudya, ndi kunena zoona akafunsidwa koyamba. Tsiku tinaligawa patatu, m'mawa, masana ndi madzulo. Akadutsa gawo limodzi bwino, nyemba imodzi m'botolo, pompopompo, iye akuona, ine n'kunena chimene wachita: "Wasewera ndi mlongo wako m'mawa wonse osamupweteka." Nyemba 10 ankasinthanitsa ndi kukwera njinga yanga madzulo. Nyemba 30, mpira. Akalakwa sindinkakalipa kapena kulalikira. Gawo limenelo nyemba palibe, njinga lero palibe, basi, ndipo gawo lotsatira akuyambiranso. Mphotho ikhale yapafupi, chifukwa lonjezo la pa Khirisimasi kwa mwana wotere ndi mphepo. Akuluakulu onse a pakhomo achite chimodzimodzi. Akapeza kuti azakhali ake amapereka nyemba akangowanyengerera, ntchito yonse yagwa.

Mkazi wanga poyamba anakana. Anati, "Bambo a mwana, ndiye tizimulipira chifukwa chosapweteka mwana wathu?" Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo linandisowetsa tulo. Yankho langa ndi lakuti mwanayu alibe chomubweza mkati chimene ena anabadwa nacho, ndiye timamumangira chakunja mpaka khalidwelo lizolowereke. Ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, kuli malo osungirako achinyamata opalamula milandu yoopsa otchedwa Mendota Juvenile Treatment Center, amene anatsegulidwa mu 1995. Kumeneko anachepetsa zilango n'kuika mphotho za tsiku ndi tsiku pa khalidwe labwino. Michael Caldwell ndi anzake atatsatira achinyamata ouma mtima kwambiri, anapeza kuti amene anasungidwa kumalo ena ankapalamulanso milandu yachiwawa kuposa kawiri poyerekeza ndi a ku Mendota.

Muphunzitseni kuyang'ana m'maso

Mantha a munthu amaonekera m'maso, pamene atong'oka n'kuonetsa koyera. Mu 2005 Ralph Adolphs ndi anzake anazindikira kuti mayi S.M. uja sayang'ana maso a anthu pazithunzi. Atamuuza kuti ayang'ane m'maso, anayamba kuzindikira nkhope zamantha. Chaka chotsatira Dadds anapeza zomwezo mwa anyamata ouma mtima. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuseri kwa khola kuja, mmene mnyamatayu ankayang'anira pakamwa pa mlongo wake.

Ku Groningen, m'dziko la Netherlands, Harma Meffert ndi Christian Keysers mu 2013 anaonetsa akaidi 18 a psychopathy mavidiyo a manja awiri, lina likusisita, kumenya kapena kukankha linzake. Pongoonera, zigawo za ubongo zomvera ululu wa mnzako zinkayaka pang'ono. Atawauza kuti yesani kumva zimene dzanjalo likumva, kusiyana kwawo ndi anthu wamba kunachepa kwambiri. Joseph Newman wa ku Wisconsin wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti gawo lalikulu la vutoli ndi la chidwi: munthu wotere akalunjika pa chimene akufuna, zina zonse za m'mbali, kuphatikizapo kulira kwa mnzake, sizilowa.

Kwathu kuno mwana woyang'ana wamkulu m'maso timamuti ndi wamwano, ndiye ndinayenera kufotokozera agogo ake chimene ndikuchita. Madzulo tinkakhala pakhonde ndi nyuzipepala zakale. Ndinkaphimba pakamwa pa munthu wa pachithunzi ndi chala n'kufunsa, "Maso awa akuti chiyani?" Poyamba nkhope iliyonse yamantha ankati yakwiya kapena yadabwa. Ndinkamuonetsa zikope zokwera ndi koyera kwa diso. Zikachitika zenizeni, mwana wina akagwa kapena kulira, ndinkagwada pambali pake n'kunena motsitsa mawu, "Taima. Muyang'ane m'maso. Akumva chiyani? Ndiye tichite chiyani?" Funso lomalizali musalisiye. Kudziwa kuwerenga nkhope kokha kungathe kumuthandiza kunamiza anthu bwino, choncho nthawi zonse kuzitsatana ndi chochita: kumudzutsa, kukatenga madzi, kukaitana wamkulu. Musachite izi mutakwiya, ndipo musamugwire chibwano kumukakamiza. Kuyang'anana kuyambire pa nthawi zabwino, pomuyamikira ndi poseka naye.

Musaweruze mayi ake, ndipo musaleke kumukonda

Achibale ena ankati achemwali anamulekerera. Ena ankati ndi magazi a bambo ake. Mu 2005 Essi Viding wa ku London anafufuza mapasa azaka 7, mapeya oposa 3,000, n'kupeza kuti kuuma mtima kotere kumatengera kwambiri kumtundu. Ndiye mayi amene walera ana ena atatu bwinobwino asamadziimbe mlandu. Koma kutengera kumtundu sikutanthauza kuti zatha. Mu 2016 Luke Hyde, Rebecca Waller ndi anzawo anatsatira mabanja 561 a ku America olera ana osabereka okha. Ana obadwa kwa amayi a khalidwe loswa malamulo kwambiri ankaonetsa zizindikirozi ali ndi miyezi 27, ngakhale sanaleredwe ndi amayiwo. Koma kumene mayi wolerayo ankayamikira mwana kawirikawiri ndi kumulimbikitsa akachita bwino, kutengerako kunkafooka kwambiri. Akuluakulu aja ponena kuti kuwongola mtengo m'poyamba sananame, kungoti chowongolera chake si ndodo.

Kukonda mwana amene sakubwezera chikondi n'kolemetsa, ndipo ndisakunamizeni. Panali masiku amene ndinkamuona akulowa pageti mtima wanga n'kutsika. Ndinadziikira lamulo la mphindi 15 tsiku lililonse, ine ndi iye basi, kuchita chimene iye wasankha, kaya bawo kaya kukonza tcheni cha njinga, popanda kumulangiza chilichonse. Tsiku limene walakwitsa kwambiri mphindizo zinkakhalapobe. Nyemba ankatha kuluza, koma amalume ake ayi.

Tetezani ena, ndipo funani thandizo

Pamene mukuchita zonsezi, ana aang'ono ndi ziweto zisadikire kuti iye asinthe. Musamusiye yekha ndi khanda kapena mwana wochepa mphamvu, ngakhale kwa mphindi zochepa zopita pachigayo. Machesi, parafini, mipeni, mankhwala a makoswe ndi a mbewu zikhale kokiyidwa. Auzeni ana enawo kuti akapwetekedwa anene, ndipo akanena akhulupirireni, chifukwa mnzawoyo adzafotokoza nkhani yake mosadodoma ndi nkhope yoyera. Kambiranani ndi aphunzitsi ake mwachinsinsi, muwapemphe kuti azikuuzani zabwino zomwe, kuti nyemba za masana zizichokera kusukulu.

Pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse namwino kapena dokotala wa zamaganizo, kope lija lili m'manja. Kuli Zomba Mental Hospital, kulinso Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana. Palibe piritsi lochiza kuuma mtima, koma dokotala angapeze zina zimene zikuwonjezera moto, monga vuto losakhazikika la ADHD, khunyu, kapena nkhanza zimene mwanayo anachitiridwa inu osadziwa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Padzapezeka wina wonena kuti mwanayu ndi mfiti, kapena kuti akutumidwa ndi agogo ake. Kwathu ananena. Musalole kuti amutengere kokamuvomerezetsa, kumusalitsa kudya kapena kumutema mphini. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Komanso mwana wotere angathe kuvomera mosavuta, n'kutchula mayina a anthu osalakwa, chifukwa waona kuti nkhaniyo ikumupatsa mphamvu pa akuluakulu. Kupemphera naye pempherani, ife timapemphera, koma mawa lake nyemba ndi kuchipatala zipitirire.

Zonsezi ndi za mwana. Ngati amene mukumuganizira ndi wamkulu, mwamuna kapena mkazi wanu, amene amakupwetekani, kupepesa mokoma n'kubwerezanso, musadzipatse ntchito yomuchiza. Muyezeni ndi zimene wachita miyezi 12 yapitayi, osati zimene walonjeza usiku wathawu. Uzani ankhoswe ndi wachibale amene mumamukhulupirira, sungani ndalama ndi mapepala anu pabwino, ndipo pakakhala nkhanza pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Mnyamata wathu tsopano ali ndi zaka 14, ali Fomu 1. Botolo lija lidakali pawindo, koma masiku ano nyemba amasinthanitsa ndi mayunitsi a foni. Kunama sanasiyiretu, ndipo mankhwala a makoswe ndimakiyirabe. Mwezi watha mlongo wake uja anathamangitsidwa ndi galu wa aneba n'kugwera pa waya wa mpanda. Ine ndinali pakhonde ndikuchonga mayeso. Ndinamuona mnyamatayo akuima, n'kuwerama, n'kumuyang'ana kumaso kanthawi ndithu. Kenako anatembenuka n'kukuwa, "Amalume, wachita mantha kwambiri uyu, ndipo mwendo ukutuluka magazi. Bweretsani nsalu, ine ndikatunge madzi."